Kodi mwana wofunsa chifukwa ndi wamwano?

Mu Novembala 2020 boma linaimitsa mayeso a Fomu 4 ali mkati, zitadziwika kuti mapepala ena a mafunso anali atayenda kale m'mafoni ana asanalowe m'chipinda cholembera. Ophunzira a dziko lonse, a kuno ku Namitambo omwe, anabwerera kwawo ndi zolembera m'manja, ndipo anakalembanso mayesowo mu Januwale 2021. Chinali chaka chimene sukulu zinali zitatsekedwa kale miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19. Amene sanaone pepala lobedwa analangidwa pamodzi ndi amene analiona. Anthu analankhula zambiri za akuluakulu amene anatulutsa mapepalawo, ndipo kunali koyenera kutero. Koma pali munthu mmodzi amene nkhani yake sinakambidwe kwenikweni: mwana amene foni yake inalira usiku, n'kupeza kuti mnzake wamutumizira mafunso a mawa.

Mwana ameneyo malamulo ankawadziwa. Ngati ndi Mkatolika, lamulo lachisanu ndi chiwiri analiloweza ku Tilitonse asanalandire Ukaristia woyamba. Ngati ndi Msilamu, ku madrasa anamuuza zomwezo. Kusukulu anakopera m'kope la Life Skills ndime yonse ya kukhulupirika, mwinanso funso lake analikhoza. Koma usiku umenewo m'mutu mwake simunabwere ndime ya m'kope. Munabwera maganizo ena, ndipo si maganizo opusa ayi. Anzanga onse aliona, ndikapanda kuliona ine ndiye kuti ndadzipha ndekha. Kusukulu kwathu kulibe labu, buku limodzi tikulimbirana, pamene ana a sukulu zogonera konko ali ndi zonse. Nanga mpikisanowu unayamba wakhalapo wachilungamo? Bambo anagulitsa mbuzi ndi nandolo yense kuti andilipirire, ndikalephera ndidzawayang'ana bwanji? Ndiponso ndikawerenga, ndamubera ndani? Palibe amene chake chasowa.

Lililonse mwa maganizo amenewa ndi funso limene anthu anzeru akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 2,000. Kodi choipa chimasanduka chabwino anthu ambiri akamachichita? Kodi wolakwiridwa ali ndi ufulu wolakwira ena kuti zifanane? Kodi cholinga chabwino chimayeretsa njira yoipa? Kodi cholakwa chopanda wodandaula ndi cholakwabe? Maphunziro amene amasanthula mafunso otere amatchedwa filosofi, ndipo nthambi yake ina imaona za chabwino ndi choipa m'zochita za munthu. Ambiri akamva dzinali amaganiza za mabuku akuluakulu ndi anthu a ndevu zoyera. Koma mwana wa foni uja anali mkati mwenimweni mwa filosofi, ali yekha pamphasa pakati pa usiku, mtima ukugunda, popanda womuthandiza. Choncho funso loti ana a sekondale ayambe kuganiza za chabwino ndi choipa kapena ayi lafika mochedwa. Akuganiza kale. Chimene chatsala n'chakuti aziganiza okha mumdima, kapena masana pamaso pa wamkulu amene angawafunse kuti, "Tafotokoza bwino, ukutanthauza chiyani?"

Pa mayeso a sekondale m'Malawi palibe phunziro lotchedwa filosofi. Zoyandikira zilipo: Bible Knowledge, Religious and Moral Education, Life Skills. M'chaka cha 2000 unduna wa maphunziro unafuna kuchotsa Bible Knowledge ndi kuikapo Religious and Moral Education, phunziro lokhudza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Mipingo ya Chikhristu inakana, Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa ganizolo, ndipo pamapeto pake kunagwirizanidwa kuti maphunziro onse awiri akhalepo. Mkanganowo unali waukulu, koma unali wa buku: ana atsegule liti. Za mmene mwana angaphunzirire kuyeza ganizo, kuona pamene lalimba ndi pamene labooka, sizinamveke kwambiri. Ndipo phunziro lililonse likangolowa pa mayeso a MANEB limayamba kulowezedwa. Funso limati mwana atchule zifukwa zitatu zimene katangale aliri woipa. Mwanayo amatchula zitatuzo, n'kulandira malikisi atatu, osafunsidwa ngati iye mwini akuzikhulupirira.

Filosofi yeniyeni yasungidwira ochepa: ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Yunivesite ya Katolika ku Nguludi m'boma lomwe lino, ndi m'maseminale. Mpingo sulola mnyamata kuyamba maphunziro a zaumulungu asanakhale zaka akuphunzira filosofi, ndipo ansembe ambiri a dziko lino anadzera ku Kachebere, ku Mchinji, pa chifukwa chimenechi. Mpingo unaona kuti munthu amene adzamve machimo a anthu ndi kuwalangiza ayenera kudziwa kusiyanitsa chifukwa chenicheni ndi chodzikhululukira nacho. Koma mtsikana amene adzakhale namwino wosunga makiyi a mankhwala, kapena mnyamata amene adzagwire sikelo yogulira nandolo pamsika, nawonso adzaweruza milandu ya chikumbumtima tsiku ndi tsiku, ndipo kwa ana ambiri a kuno sukulu imathera pa Fomu 4. Ku France ophunzira a chaka chomaliza cha sekondale amakhala maola anayi akulemba mayeso a filosofi. Sikuti ana a ku France anabadwa ndi mitu ina.

Komabe makolo amene amaopa zimenezi sakulakwa kotheratu, ndipo mantha awo ayenera kumvedwa mpaka kumapeto. Dandaulo lake ndi lodziwika pachitsime ndi kuchigayo: mwana ndinamutumiza kusukulu ali womvera, lero ndikamuuza kanthu akundifunsa kuti chifukwa chiyani, ngati ndine mnzake. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri akale a filosofi anali mbali ya mayi wodandaulayu. Plato wa ku Athens anachenjeza kuti achinyamata akalawa kukoma kwa mtsutso amauyesa masewera, n'kumakhadzula aliyense ngati tiana tagalu tophunzira kuluma, mpaka kufika posakhulupiriranso chilichonse. Wophunzira wake Aristotle ankaona kuti wachinyamata sapindula kwenikweni ndi maphunziro otere chifukwa moyo sanauone, ndiponso amatengeka ndi zilakolako. Kwa iye khalidwe labwino limayamba ndi chizolowezi, monga mmisiri amaphunzirira kumanga pomanga. Socrates anaphedwa m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe pa mlandu wosokoneza achinyamata. Mlanduwo unali wopanda chilungamo, koma n'zoonanso kuti ena mwa anyamata amene ankamutsata, monga Alcibiades ndi Critias, anadzakhala anthu oopsa mumzinda wawo. Kuchenjera pakamwa si ubwino. Amene anaba ndalama za boma ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate mu 2013 sanali anthu osaphunzira, ndipo akanapatsidwa funso lija la zifukwa zitatu akanalikhoza lonse.

Choncho mwambi woti mawu a akulu akoma akagonera uli ndi malo ake. Pali zinthu zimene mwana ayenera kuyamba kuchita asanazimvetse: kupereka moni, kubweza chenji chonse akatumidwa, kusiyira nkhalamba mpando. Chifukwa chake chimadza pambuyo, ndipo mwana amene sanazolowere kuchita zabwino sangathandizidwe ndi mtsutso uliwonse. Koma makolo omwewo anasiyanso mwambi wina, woti safunsa anadya phula. Miyambi iwiriyi inachokera pakamwa pamodzi, ndipo amene anaisiya sanaone kuti ikulimbana.

Dziko lino linayesapo kale kulera achinyamata ndi kumvera kokhakokha. Kwa zaka pafupifupi 30 ana a sukulu ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu onse anayiwo ndi abwino. Koma anyamata amene ankaima pakhomo la msika n'kumabweza amayi opanda khadi la chipani analinso omvera, omvera kwambiri. Palibe anawaphunzitsa kufunsa kuti kumvera kumalekera pati. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, imene inanena poyera kuti anthu akukhala mwamantha, osatha kutulutsa maganizo awo, ndipo inakhudzanso mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala. Maepiskopiwo anaitanidwa kupolisi, kalatayo inaletsedwa ngati youkira boma, ndipo Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Ophunzira a ku Chancellor College anali m'gulu la oyamba kuguba poikira kumbuyo kalatayo. Mkhristu amene amanyadira kalata imeneyo, koma n'kumakwiya mwana wake akafunsa chifukwa, ayenera kulingalira kuti ophunzira aja anachokera m'nyumba za ndani.

Palinso kumvera kwina kumene kuli pafupi kwambiri kuposa kumvera boma, ndiko kumvera gulu. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inachokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufika ku Thyolo, kuno ku Chiradzulu, mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatchingidwa, ndipo anthu osalakwa anaphedwa pongowaganizira. Pa zotchinga zija panali achinyamata ambiri. Funso limene likanapulumutsa moyo linali laling'ono: iwe waona ndi maso ako, kapena wangomva? Nanga amene wakuuzayo waona? Limeneli ndi funso loyamba la filosofi, loti munthu akudziwa bwanji chimene akuti akudziwa. Kulifunsa pakati pa gulu lokwiya kumafuna kulimba mtima, koma kumafunanso chizolowezi. Pakamwa pamene sipanazolowere kufunsa m'kalasi sipangatseguke pamsewu, anthu atanyamula zibonga.

Kufunsa ndi kunyoza ndi zinthu ziwiri, ngakhale nthawi zina zimatuluka ndi mawu ofanana. Wonyoza amafunsa kuti athawe ntchito kapena achititse wamkulu manyazi, ndipo yankho salidikira. Wofunsa amadikira. Luka Woyera akusimba za Yesu wa zaka 12 atakhala pakati pa aphunzitsi m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, akuwamvetsera ndi kuwafunsa mafunso, ndipo nkhani yomweyo ikutha ndi kubwerera kwake ku Nazarete, kumene anakhala womvera makolo ake. Mlalikiyo sanaone chotsutsana pakati pa ziwirizi. Sanabisenso kuti Maria ndi Yosefe anavutika masiku atatu akumufunafuna. Mwana wofunsa amatopetsa, ngakhale m'Banja Loyera.

Augustine Woyera, mwana wa mu Africa muno, ali ndi zaka 16 anapita usiku ndi anzake kukagwedeza mtengo wazipatso wa mnansi ku Thagaste. Njala analibe, kwawo kunali zipatso zabwino kuposa zimenezo, ndipo zambiri anangoponyera nkhumba. Patapita zaka zambiri, ali episkopi, anakhala pansi n'kulemba masamba angapo akudzifunsa kuti anachitiranji zimenezo. Sanakhutire ndi kungonena kuti linali tchimo. Ankafuna kudziwa chimene chinamukoka. Anapeza kuti akanakhala yekha sakanaba, kuti chinamukoma chinali kulakwira pamodzi, ndiponso kuti pakati pa anzake manyazi anali oti asaoneke wamanyazi. Mwana aliyense wa Fomu 2 amene anagendapo mango a eniake akhoza kuimva nkhaniyi popanda womasulira, ndipo ikufotokoza za pepala la pafoni bwino kuposa ndime ya m'kope. Augustine yemweyo ali ndi zaka 19 anawerenga buku la Cicero lotchedwa Hortensius, lolembedwa ndi munthu wosadziwa Khristu, ndipo bukulo linayatsa mumtima mwake ludzu la choonadi. Njira yake sinali yachidule. Anasochera zaka zambiri m'ziphunzitso zina, mayi ake Monica akulira, mpaka anabatizidwa mu 387. Amayi amene amapempha Monica Woyera kuti awapempherere ana awo adziwe kuti mwana wake sanabwerere posiya kufunsa. Anafunsabe mpaka mafunso omwewo anamufikitsa pakhomo la Mpingo.

Phunziro lotere silifuna labu kapena magetsi. Limafuna nkhani imodzi yovuta ndi mphunzitsi wodziletsa kupereka yankho msanga. Ndipo ana a ku Chiradzulu nkhani yotere ali nayo pakhomo. Mu 1900 John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, namanga sukulu ndi tchalitchi. Anaona thangata pa minda ya Bruce ku Magomero, kumene anthu ankagwira ntchito mokakamizidwa ndi kukwapulidwa, ndipo nyumba zopemphereramo za mpingo wake pa mindayo zinkatenthedwa. Nkhondo ya 1914 itayamba analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, koma boma la atsamunda linatsekereza kalatayo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira mindayo, napha woyang'anira wake William Jervis Livingstone ndi azungu ena awiri. Akazi ndi ana a azunguwo sanawaphe. Pa 26 Januwale gulu lina linaukira mishoni ya Katolika ya Nguludi, linaitentha, ndi kuvulaza kwambiri wansembe. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa. Boma linagumula tchalitchi chake cha ku Mbombwe, linapha ena mwa omutsatira, ndipo ambiri linawatsekera m'ndende.

Mwana wa Katolika wa m'boma lino amanyamula nkhope ya Chilembwe pa ndalama, amapuma pa 15 Januwale pomukumbukira, ndipo mishoni imene inatenthedwa ndi ya mpingo wake. Pa mayeso a History amangofunsidwa zoyambitsa ndi zotsatira. Koma mafunso enieni ali pansi pa zimenezo. Kodi munthu amene wadandaula mwamtendere n'kutsekedwa pakamwa angathe kunyamula zida? Ngati angathe, ndani angakanthidwe ndipo ndani sayenera kukhudzidwa? Kusiya akazi ndi ana kukusonyeza kuti anthu aja anali ndi malire. Nanga Nguludi inali mkati kapena kunja kwa malirewo? Kodi munthu angakhale ngwazi yeniyeni, n'kukhalanso kuti zina zochitidwa m'dzina lake zinali zolakwa? Mwana amene anangophunzitsidwa kuti Chilembwe ndi ngwazi, kapena amene anangophunzitsidwa kuti kupha n'koletsedwa, sangathe kunyamula zonse ziwiri nthawi imodzi, chimodzi amachigwetsa. Ndipo m'kalasi momwemo mwakhala mwana wa PIM, wa Katolika, wa CCAP ndi wa Chisilamu. Palibe angagonjetse mnzake potsegula buku la mpingo wake. Aliyense ayenera kupeza chifukwa chimene mnzakeyo angachimve, ndipo imeneyo ndi ntchito imene adzaigwire moyo wake wonse, m'komiti ya mjigo ndi pabwalo la amfumu.

Kuti kalasi yotere isasanduke msika pamafunika lamulo limodzi, ndipo lamulolo Mpingo uli nalo kale. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, m'buku lake lalikulu la Summa Theologiae funso lililonse amaliyamba ndi mfundo za otsutsana naye, zolembedwa mwamphamvu, kenako n'kuyankha imodziimodzi. Ngakhale pa funso loti Mulungu alipo, anayamba ndi mfundo yowawa koposa, ya zoipa zimene zili pa dziko. M'kalasi lamuloli likhoza kukhala lotere: usanatsutse mnzako, bwereza zimene wanena mpaka iye mwini avomere kuti wamumva. Mwana wa Katolika afotokoze madandaulo a Chilembwe mpaka wa PIM akhutire, ndipo wa PIM afotokoze za Nguludi mpaka wa Katolika akhutire. Limeneli ndi phunziro la ulemu, lovuta kuposa kugwada popereka madzi. Si lachilendonso ayi: pabwalo la milandu la kumudzi wodandaula amalankhula mpaka atamaliza, mawu ake amabwerezedwa kuti onse amve chimodzimodzi, kenako wina n'kuyankha. Tiana tagalu ta Plato timaluma chifukwa palibe anatiphunzitsa lamulo limeneli.

Zikomanso kuti zokambirana zotere zizichitika m'chinenero chimene mwana amakwiyira ndi kupepesera. Za khalidwe zikangokambidwa m'Chingerezi chokha zimakhala ngati yunifomu, yovala popita kusukulu ndi kuvula pofika kunyumba. Chichewa chili ndi filosofi yake m'kati. Munthu akachita zankhanza anthu amati ameneyu si munthu, pamene miyendo ali nayo iwiri ngati wina aliyense. Ndiye kuti umunthu si chinthu chongobadwa nacho, ndi chinthu chimene munthu angachikulitse kapena kuchitaya. Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College, analemba za mmene Achewa amamvera za munthu, ndipo Augustine Musopole analemba zambiri za umunthu ndi chikhulupiriro. Koma umunthu nawo uyenera kufunsidwa, usamangoimbidwa pa misonkhano. Kali kokha n'kanyama, inde. Nanga mbale akaba mankhwala kuchipatala n'kukawagulitsa pagolosale, umunthu ukuti abisidwe kapena aululidwe? Wodwala amene wabwezedwa popanda mankhwala, iyeyo si munthu? Ana a Fomu 3 akhoza kutha ola lonse pa funso limeneli, ndipo ena a iwo akulidziwa kuchokera kunyumba kwawo.

Apa ndi pamene pali chifukwa china chimene akulu amaopera phunziroli, chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Mwana wophunzira kufunsa sadzalekera pa Chilembwe. Adzafunsa chifukwa chimene mphunzitsi wina amasungira mitu yofunika kuti akaiphunzitse masana kwa olipira okha. Adzafunsa chifukwa chimene mtsikana wotenga mimba amaimira sukulu, pamene bambo wamkulu amene anamupatsa mimbayo akuyendabe ndi tayi pakhosi. Adzafunsa, mwinanso pabwalo la tchalitchi, chifukwa chimene ndalama za chitukuko zina siziwerengedwera poyera. Wophunzitsa phunziro limeneli ayenera kukhala wokonzeka kunena mawu awiri amene akulu ambiri amawameza: sindikudziwa, ndi ndinalakwa. Pamenepa Aristotle analondola, ana amaphunzira khalidwe poona. Mphunzitsi wofika mochedwa akununkha kachasu kudzaphunzitsa za kudziletsa akuumba ana onyoza, ndipo si filosofi imene yawaononga.

Mpingo ulibe chifukwa choopera mafunso a ana ake. Katekisimu amaphunzitsa kuti munthu ayenera kutsata chikumbumtima chake chikamuuza motsimikiza, komanso kuti chikumbumtima chikhoza kusokera, kotero kuchiphunzitsa ndi ntchito ya moyo wonse. Chinthu chimene chiyenera kutsatidwa koma chikhoza kulakwa n'chofunika kuchinola ngati mpeni, ndipo sichinoleka ndi kuloweza kokha. Papa John Paul Wachiwiri, amene anayendera dziko lino mu Meyi 1989, ankaphunzitsa filosofi ya khalidwe pa yunivesite ya Katolika ya Lublin ku Poland asanakhale Papa. M'kalata yake ya 1998 yotchedwa Fides et Ratio anachenjeza kuti chikhulupiriro chikasiyana ndi nzeru sichilimba, koma chikhoza kufota n'kutsala ngati nthano kapena zamatsenga. M'masiku ano amene ena akugulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa kwa anthu othedwa nzeru, chenjezo limeneli silifuna kumasulira.

Palibenso chifukwa chodikirira unduna kuti usinthe silabasi. Bungwe la YCS, limene lili m'sukulu zambiri za sekondale, lili ndi njira yochokera kwa Kadinala Joseph Cardijn wa ku Belgium: kuona, kuweruza, kuchita. Chovuta n'chakuti gawo lapakatilo limadumphidwa. Wina amawerenga vesi, onse n'kuvomera, n'kupita ku nyimbo. Kuweruza ndiko kumene kumafuna nthawi, kutsutsana, ndi wamkulu woleza mtima. Makalasi a Ulimbitso ndi misonkhano ya achinyamata m'malimana ilinso ndi mpata womwewo, ngati ophunzitsa angalole kuti mwa maola awo limodzi lithe popanda iwo kunena mawu omaliza.

Mwana amene wadutsa m'zokambirana zotere akafika pa usiku wa foni uja sakhala wopanda zida. Funso loti wamubera ndani analimvapo, ndipo yankho akhoza kulipeza yekha: malo a kuyunivesite ndi ku makoleji ndi owerengeka, ndipo amene iye angawatenge ndi a mtsikana wina wa sukulu yosauka ngati yake, amene foni alibe ndipo bambo akenso anagulitsa mbuzi. Akhoza kuonanso kuti kusowa kwa labu ndi mlandu weniweni, koma wouyankha si mtsikana ameneyo. Izi sizikutanthauza kuti sadzatsegula uthengawo. Munthu amatha kuona chabwino bwinobwino n'kuchita choipa, ndipo Paulo Woyera anadandaula za zomwezo mwa iye mwini. N'chifukwa chake pali sakramenti la kulapa. Sizikutanthauzanso kuti akaufufuta zimuyendera. Akhoza kulephera mayesowo pamene anzake owerenga pepala akhoza, ndipo mphunzitsi woona sayenera kumulonjeza zina.

Koma mwana wozolowera kufunsa mwina sangathane nazo yekha. Akhoza kudzuka pamphasa, foni ili m'manja, n'kukagogoda pachitseko cha makolo ake. "Bambo, anzanga anditumizira pepala la mawa. Ndiwerenge?" Bamboyo ndi yemwe uja anagulitsa mbuzi, ndipo khola likadali lopanda kanthu kuseri kwa nyumba. Sangamubweze ndi mawu oti ana safunsa akulu. Mwanayo aima pakhomopo kudikira yankho, ndipo akalimva afunsanso chifukwa chake.